Chimanga cha Pabolodi

Chaka cha 1992 anthu a ku Domasi tinalusa ngati agalu, ndipo wina asandiuze zoti ife ndife anthu opemphera, chifukwa ine ndinaliko. Mvula inadula chimanga chikungoyamba kumasula, mpunga unauma uli chiimire m'madambo, ndipo pofika Okutobala munthu ankatha kukutema ndi chikwanje chifukwa cha mkoko wa nthochi zosakhwima. Pa Songani ndinaona ndi maso angawa bambo wina atamumangirira kumtengo, akumukwapula ndi tcheni cha njinga mpaka malaya kumatirira pamsana. Mlandu wake unali chinangwa cha m'munda mwa eni. Amayi ogulitsa tomato ankangosuntha madengu awo kuti magazi asadonthere pamalonda.

M'masiku amenewo ndi mmene tinayambitsa Komiti ya Njala. Tinali Akatolika, a CCAP ndi aphunzitsi angapo, ndipo tinabwereka sitolo yakale ya Mmwenye m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde kuti tizisungiramo zimene anthu apereka. Wapampando anali a Horace, ahedi opuma pantchito, mkulu wa mpingo, munthu wovala tayi ngakhale popita kudimba. Ine Millicent, make Tisungeni, anandiika mlembi poti ndinali taipisiti mu ofesi ya kukoleji. Kiyi wa sitolo anapatsa mwamuna wanga Eliya, telala wa pakhonde pa Songani. Pamenepo panalibe ndi mkangano womwe, chifukwa Eliya ngakhale kansalu kotsala pa diresi ankakapinda bwinobwino n'kukabweza kwa mwini wake. Ine khalidwe limenelo linkandinyansa nthawi zina, koma munthuyo ndinkamukonda koopsa.

Poyamba ntchito inkayenda mwachisawawa. Lero odzipereka abwera khumi n'kumangokanda m'mutu, mawa osabwera ndi mmodzi yemwe. Tsiku lophikira ana phala linkaiwalika, ana n'kubwerera ndi makapu awo ouma. Anthu nawo anayamba kunong'ona kuti zopereka zikulowera kuti. Ndiye ine ndinati tipange bolodi lalikulu, tilikhome pakhoma la sitolo kunja, kuti aliyense wodutsa aziona zonse ndi kuyang'ana kamodzi.

Eliya anapeza pulayiwudi n'kumupaka penti wakuda. Ine ndinayamba ndajambula pamapepala a ku ofesi, kung'amba, kujambulanso, mpaka ndinakhutira. Ndinaligawa patatu. Kumanja kunali mayina a odzipereka, dzina lililonse ndi msomali wake, ndipo amene ali pantchito tsiku limenelo tinkamukolekera chitsekerero cha botolo chobowola pakati. Pa dzina la Eliya panali kiyi wojambula ndi penti woyera, kuti wobweretsa mphatso azidziwa wofuna. Pakati panali zochitika: mphika pa tsiku la phala, lichero pa tsiku logawa, belu pa tsiku la msonkhano. Kumanzere kunali mphatso. Poti ambiri sankadziwa kuwerenga, thumba lililonse la chimanga ndinkalijambula ndi choko kutsogolo kwa dzina la wopereka. Ndipo kumanzereko ndinadulanso pakati ndi mzere wautali, mbali ina ya zolonjezedwa, mbali ina ya zimene zafikadi. Kunena zoona bolodi linali lokongola, ndipo ndinkachita kudutsira dala pomwepo pochokera kuntchito.

Kenako tinachita bigiwoko, kuyenda wapansi kuchokera pa Songani mpaka ku Malosa dzuwa likuswa mtengo, kwaya patsogolo. Kumapeto kwake panali chimkuzamawu, ndipo inu mukudziwa mmene akuluakulu a kwathu amachitira akaona chimkuzamawu. A Morton, eni chigayo ndi lole, anaimirira n'kukonza lamba pamimba, nati iwo apereka matumba makumi anayi. Nthungululu zinamveka mpaka kuphiri. Amayi anavula zitenje n'kuwayalira kuti apondepo. Ena a magolosale, poopa kuoneka ochepa, nawonso anatchula awo asanu, awo khumi. Sabata zinadutsa. M'sitolo munalowa matumba ochepa chabe, ochokera kwa masisitere ndi aphunzitsi.

Ine ndinajambula monga mmene zinalili. A Horace atabwera anaima kutsogolo kwa bolodi, manja kumbuyo, ngati akuyendera kalasi.

"Mayi a Tisungeni, mzere wapakatiwu ngwachiyani?"

"Ukuku n'kwa amene angolonjeza, abambo. Uku n'kwa amene abweretsa."

"Ndiye a Morton akamadutsa pagalimoto aziona dzina lawo lili kwa anthu osabweretsa? Mukufuna kuwavula pamsewu?"

"Abweretse, ine ndiwasamutsa tsiku lomwelo."

"Iyayi. Munthu wamkulu ngati ameneuja akalankhula pagulu, ife timatenga kuti wapereka. Sitingamamuike pachionetsero ngati mwana wolephera mayeso. Akakhumudwa ndiye kuti sitiona ngakhale deya. Fufutani."

Ndinakana mpaka mawu kundithera. Ndinati anthu anjala akamaona matumba onsewa pamodzi aziyesa kuti ali m'katimu. A Horace anangogwedeza mutu ngati akumva chisoni ndi makolo amene anandilera. Amene anandimaliza anali Eliya. Anandigwira paphewa n'kunena chapansipansi kuti, "Amake Tisu, tisachite mwano. Ndi akuluakulu amenewa." Anatenga kansalu, n'kukanyowetsa, n'kufufuta yekha mzere uja kuchokera pamwamba mpaka pansi. Matumba a pakamwa ndi matumba enieni anakhala gulu limodzi.

Kuyambira pamenepo anthu ankaima pabolodi tsiku ndi tsiku, kuloza matumba ndi zala, milomo ikugwedera. Ine ndinapita kwa a Morton kukawakumbutsa. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, nati, "Mukawauze a Horace asade nkhawa, lole ikangokonzedwa basi." Lole yomweyo inkatidutsa pamsewu m'mawa ndi madzulo itasenza njerwa.

Tsiku la lichero linafika. Anthu anatsika kumapiri, ena anachokera kutsidya kwa mtsinje, ndi matumba opinda m'khwapa, mabeseni, ngakhale mapilokesi. Mzere unayambira pakhonde la sitolo n'kukakhota kuseri kwa mitengo ya mango. Eliya ankayeza ndi chitini, banja lililonse zitini ziwiri, ine ndikuitana mayina. Dzuwa lisanafike pamutu chitini chinayamba kukanda simenti. Mzere unali usanafike ndi pakati pomwe.

Eliya anatuluka, n'kutseka chitseko, n'kuomba m'manja mwaulemu. "Pepani abale, chatha."

Kenako kumbuyo kunatuluka Masiye, woumba njerwa, munthu wa mapewa otambalala amene anali ataika mwana wake m'manda sabata yomweyo. Sanathamange. Anakankha anthu n'kufika pabolodi, n'kumenya ndi chikhatho pa matumba aja mpaka fumbi la choko kubuka.

"Chatha? Nanga awa? Awa ali kuti?"

A Horace anakwera pasitepe n'kukweza dzanja. "Anthu a Mulungu, tiyeni tikhale pansi tikambirane mwa dongosolo..."

Mwala woyamba unawaphonya pang'ono khutu n'kumenya chitseko. Wachiwiri unaswa zenera. Nditacheuka kuti ndiwauze a Horace kuti anene zoona, ndinangoona tayi ikukhota kuseri kwa sitolo, ndipo posachedwa njinga yawo inali ikutsetsereka kulowera kudambo. Sindinkadziwa kuti mkuluyo amatha kupalasa chotero.

Chala cha Masiye chinayenda pabolodi, kudutsa mphika, kudutsa lichero, n'kukaima pa kiyi woyera uja.

"Telala, tsegula."

Eliya, mwa ufulu wake wopusa uja, anatsegula n'kukankha chitseko kuti onse aone. Ankayesa kuti akaona m'kati mopanda kanthu amvetsa. Anthu anakhamukiramo, kugwetsa sikelo, kugubuduza matumba opanda kanthu, ena kugwada n'kumatola njere m'ming'alu ya simenti. Wina m'katimo anakuwa kuti, "Wagulitsa!" Mawu amenewo anangogwira ngati moto paudzu. Wina anati anamuona akukwera minibasi ya ku Zomba ndi katundu. Wina anati mkazi wake wanenepa. Ine, amene siketi inali ikugwira ndi pini.

Anamukokera Eliya panja ndi kolala. Masiye anamumenya mutu pamphuno, ndipo magazi anatsikira pamalaya oyera amene ndinasita m'mawa womwewo. Eliya anagwa chagada pasitepe. Asanadzuke anali atamuzinga. Zibakera, zidendene, mabeseni, ndodo ya agogo ena amene ndinkawayesa sangathe ngakhale kuimirira. Ndinadziponya pakati n'kumukumbatira mutu, koma wina anandikoka tsitsi, wina n'kundimenya chigongono pakamwa. Ndinamva dzino likuthyoka ndipo ndinalilavula pamodzi ndi magazi. Amene anandikoka tsitsi anali Bernadette, mnzanga wa m'kwaya, amene tinkaima moyandikana Lamulungu lililonse. Ndinamuluma pamkono mpaka mano kukumana ndi fupa, ndipo mpaka lero sindinamupepese.

"Anene kumene wabisa!"

"Abale, palibe chimene ndatenga," Eliya ankangobwereza, mawu akutuluka ndi thovu lofiira. "Mulungu akundiona."

"Ndiye chili kuti?"

Iye ankadziwa yankho. Akanangotchula dzina limodzi. Koma anatseka pakamwa n'kumangopukusa mutu, ndipo kwa anthu aja kutseka pakamwako kunali kuvomera mlandu.

Masiye analowa m'sitolo n'kutuluka ndi mwala wachitsulo wa pasikelo, waukulu uja wa chogwirira pamwamba. Anyamata awiri anagwira mkono wamanja wa Eliya n'kuutambasula pasimenti ya pakhonde, wina n'kuuponda pachigongono.

"Dzanja lakuba ndi ili," anatero Masiye.

Ndinakuwa kuti ndi telala, dzanja limenelo ndi limene timadyera. Masiye sanandiyang'ane n'komwe. Anakweza chitsulo chija ndi manja awiri n'kuchitsitsa. Phokoso lake linali ngati munthu akuthyola nkhuni zouma. Eliya analira kulira kumene sindinamumvepo chikwatiranireni, ndipo mkodzo unayenderera kutsika pasitepe. Masiye anakwezanso n'kutsitsa, n'kukwezanso. Nkhope yake inali yonyowa ndi misozi, koma manja sanaleke. Kumbuyo wina anayamba kuitanitsa parafini, ndipo ndinaona mnyamata akuthamangira kugolosale ndi botolo.

Apo ndiye ulemu unandithera. Ndinakwawa pakati pa miyendo ya anthu, n'kukwera pabenchi limene linali pansi pa bolodi, n'kuyamba kulimenya bolodilo ndi nsapato mpaka ena anacheuka.

"Tamverani agalu inu! Bolodili ndinalemba ndine! Matumba awa, kuyambira apa mpaka apa, ndi a Morton, ndipo sanabweretse ngakhale njere imodzi! Analonjeza pachimkuzamawu inu mukuwayalira zitenje! Mwaiwala? Ndani wa inu anaona lole yawo itaima pano? Ndani anatsitsako thumba? Anene!"

Ndinamuona Bernadette akuyang'ana pansi, atagwira mkono wake. Ndiye pansi paja, pakati pa mapazi a anthu, ndinamva mawu a Eliya, ang'onoang'ono ngati a mwana.

"Amake Tisu... usatchule mayina..."

Ndinatchula. Ndinatchula a Morton kachiwiri, ndinatchula a magolosale mmodzimmodzi, aliyense ndikumenya dzina lake ndi nsapato. Ndinati chimanga chanu chili m'nkhokwe ya kuchigayo, akudikira mtengo ukwere. Zimenezo sindinkazidziwa bwinobwino, koma pa nthawi imeneyo ndikanatha kunena chilichonse.

Masiye anaponya chitsulo pansi. Anayang'ana Eliya, n'kuyang'ana manja ake, kenako n'kutembenukira kumsewu. Gulu lonse linamutsatira likuthamanga, mnyamata wa parafini uja ali pakati pawo. Pakhonde panatsala mabeseni ophwanyika, nsapato za eni ake, ine ndi mwamuna wanga. Dzanja lake silinkaonekanso ngati dzanja. Ndinavula mpango kumutu n'kumanga mwamphamvu pamwamba pa chigongono, n'kumukokera m'mbali mwa msewu. Maminibasi awiri anachepetsa liwiro, makondakitala n'kusuzumira, n'kupitirira. Amene anaima anali mphunzitsi wina wa pikiapu, ndipo tikunyamuka utsi wakuda unali utayamba kale kukwera cha kuchigayo.

Kuchipatala ku Malosa anayesetsa, koma adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mafupa asanduka zinyenyeswa, ndipo dzanjalo akalisiya liola n'kumutenga munthu yense. Ndinasaina ndine. Analidula pamwamba pang'ono pa mfundo ya dzanja. Namwino wina wachikulire anandifunsa ngati tikufuna kukalikwirira kwathu, poti mabanja ena safuna kuti chiwalo cha m'bale wawo chitayidwe ndi alendo. Ndinavomera. Anandipatsa litakulungidwa m'nsalu yoyera, m'kakatoni ka mankhwala, ndipo ndinakaika pansi pa bedi kuti ndipite nako kumudzi m'mawa.

Madzulo ake kunabwera a Horace, tayi ili m'khosi, atanyamula malalanje. Anapemphera pemphero lalitali, lotchula Yobu ndi ena onse. Atatha anakhosomola n'kuyamba nkhani imene anabwerera. Chigayo chapsa theka. Magalasi a lole aswedwa. Mlonda wa a Morton amuthyola nthiti. Chimanga anachipezadi m'nkhokwe, anthu n'kugawana, ndipo apolisi agwira Masiye ndi ena. Koma chimene chawapweteka kwambiri a Morton, anatero a Horace, si katundu ayi. Ndi dzina lawo, kutchulidwa pamsewu ndi munthu wamkazi, mwana wa dzulodzuloli.

"Ndiye akuluakulu takambirana, mayi a Tisungeni. Kuti mtendere ubwerere, mupite mukagwade. Mawu awiri okha basi. Iwo ndi munthu womva."

Ndinayang'ana malalanje aja ndipo ndinalakalaka kuwaswera pamphumi limodzilimodzi. Koma ndinadzigwira poti munali m'chipatala. Atatuluka ndinakhala pabedi n'kuyamba kumupukuta Eliya kumaso ndi kansalu konyowa. Diso limodzi linali lotsekeka, milomo itatupa ngati mabanzi. Mkono wake wofupika unali pamwamba pa pilo, wokulungidwa mabandeji. Ndinkaganiza za makina ake osokera amene anatsala pakhonde pa Songani, ndi mayunifolomu a ana a eni amene anali atadula kale koma asanasoke.

"Amake Tisu," anatero.

"Ndili pano."

"Wamva zimene anena a Horace?"

"Ndamva. Gonani."

"Upite. Tawachititsa manyazi akuluakulu aja. Ine sindingagone bwino mpaka ukapepese. Ukanene kuti ndakutuma ndine."

Ndinkafuna kumukumbatira, ndinkafunanso kumutsamwitsa ndi pilo yemweyo. Mtima unandiwawa kuposa mmene unawawira pakhonde paja, chifukwa paja ndinali ndi anthu oti ndiwalume. Pano panali mwamuna wanga yekha, wopanda dzanja, akudandaula za manyazi a Morton.

"Chabwino," ndinatero. "Ndipita."

M'mawa ndinasamba pampopi wa kuchipatala, n'kumanga chitenje bwinobwino, n'kutenga kakatoni kanga. Ndinakwera minibasi nditakafungatira pamiyendo. Ndinatsika pa Songani n'kuyenda kudutsa chigayo chakuda ndi mwaye, mpaka kunyumba ya malata ofiira.

Ndinawapeza a Morton pakhonde akumwa tiyi ndi akazi awo, buledi wopaka majarini ali pambale. Panalinso akuluakulu ena awiri obwera kudzawapepesa za chigayo. Atandiona anasiya kutafuna. Ine ndinavula nsapato pasitepe, ndinayenda chowerama, n'kugwada patsogolo pawo monga mmene amayi anga anandiphunzitsira.

"Mwadzuka bwanji, abambo?"

"Tadzuka," anayankha akuyang'ana kumbali. "Mwabwera."

"Ndabwera, abambo. Andituma amuna anga kuti ndidzapepese chifukwa chotchula dzina lanu pagulu."

A Morton anatsamira kumpando n'kuyang'ana anzawo aja mmodzimmodzi, kuti aone bwino. Akazi awo anapumira m'mwamba. Mmodzi wa akuluakulu aja anati, "Eya, ndiye kukula kumeneko."

"Iwo akanakonda kubwera okha kuti adzakugwireni chanza," ndinatero, "koma sangathe kudzuka."

Ndinaika kakatoni patebulo, pakati pa shuga ndi buledi. Ndinatsegula, n'kufunyulula nsalu ija mbali zonse zinayi. Akazi awo anakuwa n'kugwetsa kapu. Akuluakulu awiri aja anadumpha n'kukaima pabwalo. A Morton anafuna kudzuka, koma mpando unali utatsamira khoma ndipo ine ndinali nditagwada panjira.

"Gwirani chanza, abambo, nkhani ithe."

Sanagwire. Anangokhala pakamwa pali yasa, manja awo awiri atawabisa pansi pa tebulo, tiyi akudontha kuchokera pansalu kugwera pansapato zawo. Ine sindinali pachangu. Ndinakhala chogwada pomwepo, ndikudikira, mpaka ntchentche zinayamba kutera patebulo.